Zaka Khumi ndi Zinayi Ndinazithira mu Sinki

Loweruka lapitali ndinagwira ntchito imene palibe anandituma, ndipo ndinaigwira ndi mtima wanga wonse. Ndinatulutsa kamtsuko kadothi m'kabati ya kukhitchini kwa abwana a amayi anga, ndinamasula chingwe, ndinanunkhiza, ndinakwinya nkhope, n'kukhuthulira zonse mu sinki. Kenako ndinakatsuka ndi sopo kawiri. Potsukapo ndinkaimba nyimbo ya kukwaya.

Ndiyambe ndakuuzani kumene ndinali. Amayi amagwira ntchito ya m'nyumba ku Midrand, kwa mayi wina wachitchaina amene timangowatchula kuti a Madamu. Amuna awo anamwalira, ndipo mwana wawo wamwamuna ali ndi shopu ya zovala. Ife timakhala ku Doornfontein, kuno ku Joni, m'chipinda chimodzi chapamwamba. Chipindacho, yunifolomu yanga, teksi imene ndimakwera popita kusukulu, zonsezi zatsamira pa ntchito ya amayiyo. Pakhomo pathu palibenso wina wolembedwa ntchito.

Tsikulo a Madamu ankayembekezera alendo masana, choncho amayi ananditenga kuti ndikawathandize. A Madamu atatuluka kukagula nyama, amayi anakwera m'chipinda cham'mwamba kukasita zovala. Ine anandisiyira nsanza ndi mawu ochepa: ndipukute mashelefu a m'kabati.

Tsono kusukulu kwathu aphunzitsi anali atangotiphunzitsa za madeti a pa zakudya. Nonse mukudziwa nkhani zimene zakhala zikumveka kuno, za ana odwala chifukwa chodya zinthu zotha nthawi. Phunzirolo linandilowa kwambiri. Mayeso ake ndinakhoza bwino, ndipo kunyumba ndinasanduka wapolisi wa madeti. Chitini chilichonse ndinkachitembenuza ndisanachitsegule.

Kamtsukoko ndinakapeza kumbuyo kwenikweni, kovundikira ndi nsalu yomangidwa ndi chingwe. Pambali panali kapepala kolembedwa pamanja m'zilembo zachitchaina. Zilembozo sindikanaziwerenga, koma manambala ndinawawerenga. Chinali chaka chimene ine ndinali ndi zaka ziwiri. Pano ndili ndi zaka khumi, zisanu ndi chimodzi.

M'katimo munali zakuda ngati oyilo wotha ntchito wa m'galimoto, zonanda pang'ono. Fungo linali la viniga ndithu, lolasa m'mphuno, koma losakanikirana ndi kena kake konga utsi. Viniga amene ine ndimamudziwa ndi woyera ngati madzi, uja timawaza pa tchipisi. Ndiye wakudayu akanakhala chiyani, kupatula viniga woonongeka? Ndinawamvera chisoni a Madamu. Ndinati mwina maso ayamba kuvuta, ndipo tsiku lina adzadwalitsa alendo.

M'kabati ya pansi pa sinki munali chibotolo cha viniga woyera. Ndinadzaza kamtsuko kaja, ndinamanga nsalu bwinobwino, n'kukabwezera pamalo pake. Amayi sindinawauze. Ndinkafuna adzaone okha kuti ali ndi mwana wophunzira.

Alendo anafika. A Madamu anaphika timatumba tawo ta ufa wa tirigu toika nyama m'kati, n'kutindanditsa m'mbale yaikulu. Kenako anatembenukira kwa amayi, amene dzina lawo ndi Esnati, n'kunena kuti, "Esnati, chen-tsu."

Amayi anapita kukabati n'kubwera atanyamula kamtsuko kaja ndi manja awiri, ngati khanda. Palibe amene amanyamula chinthu choonongeka mwa njira imeneyo.

A Madamu anamasula chingwe okha, n'kupendeketsa kamtsukoko pa kambale kakang'ono. Munatuluka zoyera mbee.

A Madamu ananunkhiza kambaleko, n'kusuzumira mumtsuko, kenako anayang'ana amayi. Viniga woyerayo, ndadziwa pambuyo pake, m'nyumba mmenemo sadyedwa n'komwe. Ndi wotsukira mawindo.

Amayi anandiponyera diso kamodzi kokha. Anaona manja a juzi yanga ali onyowa. Anatembenuka n'kunena m'Chingerezi chawo chochepa kuti, "Ndine, Madamu. Pepani."

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndinalankhula nthawi yomweyo. Ayi. Ndinaima pakhomo nsanza ili m'manja, amayi atazyolika chifukwa cha ine. Mawu anatuluka mochedwa, ndipo anatuluka opusa: "Si amayi. Ndine. Anali atatha deti."

A Madamu ananena mawu ena m'chilankhulo chawo, ndipo mwana wawo, amene nthawi zonse amamasulira, sanamasulire. A Madamu sanakalipe. Anauza amayi kuti tizipita, Lolemba asabwere, adzawaimbira foni.

Alipo kuno ku Joni amene sadziwa tanthauzo la "ndidzakuimbira foni"?

Titafika kunyumba amayi anavula nsapato, anakhala pabedi, n'kundifunsa kuti anandituma chiyani. Ndinati kupukuta mashelefu. Anangogwedeza mutu. Akanandikalipira zikanandipepukira. Lamlungu anaimba kutchalitchi ngati palibe chachitika. Lolemba anadzuka nthawi yawo yamasiku onse, anasamba, anavala, n'kukhala pampando foni ili patebulo. Ndinapita kusukulu ndikuwasiya akuiyang'ana.

Titaweruka sindinabwerere kunyumba. Ndinalowera ku Fordsburg, ku shopu ina yogulitsa zakudya zachitchaina kumene kumagwira ntchito Amake Dalitso. Amenewa ndi mayi wa ku Chipata, timakhala nawo khomo loyandikana, ndipo m'shopumo akhalamo zaka zambiri. Ndinawafotokozera zonse. Anaseka mpaka kugwira shelefu.

"Mwana wa sukulu! Manje ndiye vimene akuphunzitsani, kutaya vinthu va eni ake? Unafunsako ndani?"

Ndinati sindinafunse aliyense.

"Ni pamenepo," anatero, akupukuta misozi ya phwete. Ataona kuti ine yanga si ya phwete, anandigwira dzanja n'kupita nane kumene kunali mabotolo akuda.

Zimene ndikulemba apazi ndi zimene anandiuza iwowo, monga anawaphunzitsira abwana awo, ndipo ndinazilemba m'kabuku kanga ndili chiimire. M'zilembo zathu liwuli amalilemba kuti chencu, koma pakamwa limamveka ngati chen-tsu. Ndi mawu awiri. Lachiwirilo ndi viniga basi. Loyambalo, chen, amanenera chinthu chimene chakhalitsa, chimene chasungidwa nthawi yaitali. Ena amaonjezera kutsogolo liwu lakuti lao, lotanthauza chakale kapena chokalamba, kuti munthu asakayike n'komwe.

Viniga ameneyu kwawo kwenikweni ndi kumpoto kwa dziko la China, dera lotchedwa Shanxi. Amapangira mapira. Amawaphika, amawasakaniza ndi madeya, amawasiya asase, ena amawafukiza pamoto mpaka ade. Akatcheza madzi ake amawathira m'mitsuko ikuluikulu n'kuiika panja. M'chilimwe dzuwa limamwa madziwo. M'nyengo yozizira pamwamba pamaundana, ndipo iwo amachotsa zoundanazo n'kutaya. Chaka chilichonse mumtsuko mumatsala zochepa, koma zotsalazo zimanka zikuda, zikunanda, ukali wake ukufatsa. Amasunsiramo timatumba tija, amathira pa nkhaka zosaphika, pa nsomba, pa zakudya zawo za ufa zangati zingwe. Sathira khwavu. Kasupuni kamodzi kamakwanira.

Amake Dalitso anandionetsa manambala a pa mabotolo, ena zaka zitatu, ena zisanu. Anati kwa ife nambala yakale pa chakudya ndi manyazi, koma pa mabotolo amenewa ndi ulemu. Botolo la zaka khumi ndi zinayi analibe. Anandionetsanso timapaketi ta makoko ouma a manachesi, n'kunena kuti nawonso dzina lawo limayamba ndi chen, ndipo akakhalitsa m'pamene amafunidwa.

Chitini cha makoko otero ndinachiona m'kabati muja, ndipo ndinali nditachigwira kale pamene amayi anandiitana kuti ndikawathandize kupinda nsalu. Mulungu anandigwira dzanja.

Ndinagula botolo la zaka zitatu n'kupita nalo kunyumba. Foni inali isanalire. Ndinayamba kuwawerengera amayi za m'kabuku kanga, iwo akumva ndi khutu limodzi, mpaka ndinafika pa mapira.

"Mapira?" anatero. "Mapira enieni, ngati akwathu?"

Kameneko kanali koyamba kumwetulira chichokereni Loweruka. Amayi anakulira ku Chikwawa, ndipo ubwana wawo wonse unathera pa nsanja, kuingitsa mbalame m'munda wa mapira. Analitembenuza botololo, analinunkhiza, n'kunena kuti zaka zonsezi akhala akunyamula m'bale wawo osamudziwa. Kenako anandifunsa ngati ndikukumbukira chimera chawo.

Ndikukumbukira. Chaka chatha amayi ananyika mapira, atamera anawayanika pa thumba padenga la nyumba yathu kuti apange chimera cha thobwa. Bambo amene amayang'anira nyumbayi anawapeza, anaona timizu ndi fungo, n'kukataya zonse ku bini. Anati ndi zoola, zibweretsa makoswe. Mapirawo anali atayenda pa basi masiku awiri kuchokera kumudzi. Ine ndinakwiya kuposa amayi. Ndinalemba masamba atatu m'kabuku kanga, ndipo liwu lakuti mbuli limapezekamo kasanu.

Ndinakatsegula masamba amenewo. Sindinawamalize.

Owerenga anzanga, ife Amalawi a kuno timadziwa kupweteka kwake. Ndi kangati tauzidwa kuti usipa wathu ukununkhitsa nyumba yonse? Ndi angati a ife amadyera m'kona pa nthawi yopuma kuntchito, kuopa kufunsidwa kuti kodi zimenezo n'zodyedwa? Timadandaula, ndipo m'pomveka. Koma tikangolowa m'khitchini ya munthu wina, mphuno yathu yomweyo imasanduka woweruza milandu. Chilichonse chosafanana ndi chakwathu chimakhala choonongeka.

Musandimve molakwa. Madeti ndipitiriza kuwerenga, ndipo inunso werengani. Mkaka wotha nthawi ndi wotha nthawi, ngakhale wogulitsayo alumbire bwanji. Aphunzitsi anga sanalakwe. Koma iwo anatiphunzitsa za zinthu za m'sitolo, zimene tikufuna kugula ndi kudya ife. Sanatiuze kuti tizilowa m'makabati a anthu n'kumagamula. Zimenezo ndinaonjezera ndekha, chifukwa ndinkafuna kuyamikiridwa.

Chimene chandidabwitsa n'chakuti Chichewa chathu chinali chitandichenjeza kale. Nyama imaola. Ndiwo zimasasa. Koma mowa wamasese ukakhala masiku ake sitinena kuti waola, timati wapsa. Dzungu likakhala m'munda mpaka khungu kulimba timati lakhwima. Makolo athu ankadziwa kuti pali chimene nthawi yachiononga ndi chimene nthawi yachimaliza kukonza, n'chifukwa chake anatisiyira mawu osiyana. Ine ndinali nawo onsewo m'kamwa, koma nditaima pa sinki paja ndinakumbukira limodzi lokha.

Ndinayang'ananso mu dikishonale ya kusukulu kuti liwu lathu lakuti viniga linachokera kuti. Tinalitenga ku Chingerezi, Angerezi analitenga ku Chifalansa, ndipo kumeneko limangotanthauza vinyo wosasa, yemwe uja timamva kutchalitchi pa Lachisanu Loyera. Ndinafunsa amayi kuti nanga chen-tsu tingamutchule bwanji m'Chichewa. Ine ndinati viniga wakale. Iwo anakana, anati wakale akhoza kukhala woiwalika chabe kuseri kwa kabati. Anati uyu ndi viniga wokhwima. Ndikuganiza kuti akhoza.

Lachiwiri foni sinalirebe. Nditabwera kusukulu ndinapeza amayi akutakasa phala mumphika waukulu, chimera china cha mapira chimene anali atachisunga chili pambali. Anati kwathu munthu wolakwa sadikira kuitanidwa, ndipo sapita chimanjamanja. Kumudzi tikanagwira nkhuku. Kuno tipita ndi thobwa.

Ndinawafunsa kuti nanga a Madamu akakalitaya, monga anachitira bambo uja? Anati akataya ndiye kuti tafanana.

Lachitatu nditaweruka tinakwera teksi ya ku Midrand, amayi atafungatira chigubu cha thobwa, ine botolo langa. Mlonda wa pageti anaimba foni kunyumbako, ndipo tinaima padzuwa nthawi yaitali ndithu asanatitsegulire.

A Madamu tinawapeza kukhitchini. Kamtsuko kaja kanali patebulo. Amayi anagwada, koma a Madamu anawakoka mkono kuti adzuke, akunena kuti pansi m'pozizira. Ine ndinapereka botolo ndi manja awiri, n'kunena mawu amene ndinawakonzekera njira yonse: kuti ndinataya chinthu chimene sindinkachidziwa, kuti sindinafunse, kuti amayi sankadziwa kanthu.

Anavala magalasi n'kuwerenga botololo. "Zaka zitatu," anatero. "Khanda."

Kenako anatiuza, pang'onopang'ono, akusakaniza Chingerezi ndi manja. Viniga uja anachokera kumudzi kwa amuna awo. Amuna awowo anabwera naye m'sutikesi, atamukulunga m'majuzi, ndipo kapepala kaja analemba ndi iwo tsiku limene anamuthira mumtsuko. Chimwalirireni, a Madamu ankatsegula kamtsukoko pa masiku akuluakulu okha. Sanalire potiuza. Anangosisita kapepalako ndi chala, pakona pamene madzi anga a sopo anasungunula inki.

"Pepala sunataye," anatero. Sindinadziwe ngati kunali kundiyamika kapena kungonena.

Analoza chigubu n'kufunsa kuti chimenecho n'chiyani. Amayi anasowa liwu la Chingerezi, choncho anamasula mfundo ya pa chitenje n'kutulutsa timbewu ta mapira tochepa, n'kuwaika a Madamu m'dzanja. A Madamu anayang'ana timbewuto nthawi yaitali. Anatchula dzina lake m'chilankhulo chawo, amayi anatchula lathu, aliyense akubwereza la mnzake molakwika. Anathira thobwa m'kapu, analawa, anakwinya nkhope, analawanso. Anati limeneli ndi khanda kuposa la m'botolo lija. Koma kapuyo anaimaliza.

Atatero anaimirira. Viniga woyera uja anamukhuthulira m'ndowa yotsukira mawindo. Anatsukuluza kamtsukoko ndi madzi owira katatu, akununkhiza ulendo uliwonse, mpaka fungo la sopo wanga litatha. Atakaumitsa anatsegula botolo langa, anathiramo lonse, n'kumanga nsalu. Anandipatsa cholembera n'kuloza pansi pa zilembo za amuna awo. Anati ndilembe chaka chino ndi dzina langa.

Ndinalemba chakacho, kenako dzina langa: Lonjezo.

"Udzatsegula ndiwe," anatero. "Ukadzamaliza yunivesite."

"Madamu, ndikadali Giredi 10."

"Ndiye usafulumire."

Anatembenukira kwa amayi. "Esnati, dzuwa likatuluka, pakhonde. Mvula ikamabwera, m'nyumba. Tsiku lililonse. Uyambe mawa."

Ine ndinali ndikuganizabe za yunivesite. Amayi ndi amene anamva msanga. Anaomba m'manja mwakachetechete, mwa kwathu, n'kuthokoza. Mtsuko wofuna kutulutsidwa tsiku lililonse kwa zaka zonsezo umafuna munthu woutulutsa.

A Madamu sananene kuti andikhululukira, ndipo sanandimwetulire. Zaka khumi ndi zinayi zija zinapita ndi madzi a mu sinki, sizidzabwerera, ndipo zimene zili mumtsuko panopa si za kumudzi kwa amuna awo. Ndikudziwa. Potuluka anandiitana n'kundionetsa chitini cha makoko a manachesi chija, anachigwira pachifuwa, n'kundigwedezera chala. Chenjezolo ndinalilandira.

Mlungu uno ndili ndi anthu atatu owathokoza. Amake Dalitso, amene anandiseka kaye kenako n'kundiphunzitsa, ndipo akundisekabe tikakumana pa masitepe. A Madamu, amene anali ndi chifukwa chokwanira chotichotsera, koma anasankha kundipatsa cholembera. Ndi amayi anga, amene ananena kuti "ndine" asanadziwe n'komwe kuti ndichita chiyani. Pa atatuwa, amene sindikudziwa kuti ndiwathokoza bwanji ndi omalizawa. Ndayesa, koma anangondiuza kuti ndikawerenge.

Masamba atatu aja a bambo woyang'anira nyumba sindinawang'ambe. Ndalembapo pansi pake kuti nayenso sanafunse, ndipo mwina nafenso sitinamuuze. Amayi akuti thobwa likadzaphikidwanso, kapu yoyamba ndikapereke ndine.

Nanga inu, chomaliza chimene munachikwinyira nkhope n'kuchitcha choola chinali cha yani? Munamufunsa mwiniwake?

Dzulo masana, tikutuluka m'kalasi, kumwamba kunada mbali ya Midrand ndipo kunayamba kugunda. Anzanga anathamangira teksi. Ine ndinaima pageti n'kutumizira amayi uthenga, kuwauza kuti mvula ikubwera.

Anayankha nthawi yomweyo: "Mtsuko walowa kale. Thamanga, unyowa."